Machubu okha amabisa zokanda pa penti

Mwafunsa za magetsi oika mu galaja yopolishira magalimoto, n'kuika chithunzi cha ma hexagon, magetsi aja a LED olumikizana kudenga ngati zisa za njuchi. Amenewo musagule kaye, achimwene. Pa galaja yanu ya mamita 6 kwa 4 yofolera malata, ndalama yogulira ma hexagon ikwanira magetsi onse amene ntchito yopolisha imafuna, ina n'kutsalako.

Chimene anzathu ambiri satchula n'chakuti kuwala kofalikira kumabisa zokanda. Chubu chokhala ndi chivindikiro choyera ngati mkaka chimamwaza kuwala mbali zonse, timizere tonse timadzaza kuwalako, mthunzi palibe, diso silitiona. Ndiye zimachitika chonchi. Mwalandira galimoto yakuda, mwaigwira kuyambira m'mawa, msana ukuwawa, manja achita dzanzi ndi makina. Pansi pa machubu boneti ikuwala mpaka mukudziona nkhope. Mwamuimbira mwiniwake kuti bwerani mudzatenge. Mwaitulutsa panja dzuwa likuswa mtengo, ndipo pomwepo boneti yonse yadzaza timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude, m'zitseko muli mafunde amene makina opolishira a rotary asiya, akuyenda nanu limodzi mukamazungulira galimoto. Mwiniwake salankhula. Amangoyendetsa chala pachitseko, kuyang'ana chalacho, kenako kuyang'ana inu, anyamata anu ataima pomwepo ndi nsalu m'manja. Manyazi ndi pang'ono. Choopsa n'chakuti pokonza muyenera kudyanso clear, penti woonekera uja wa pamwamba, pomwe clear wa ku fakitale ndi wopyapyala kuposa pepala, ma micron 40 kapena 50 basi. M'mphepete mwa boneti ndi m'makona a bampa ndi momwe amayambira kubooka, ndipo akabooka ndiye kupenta mbali yonseyo ndi ndalama ya m'thumba mwanu.

Amene amandipsetsa mtima ndi ogulitsa ena. Pabokosi palembedwa ma watt ambirimbiri, ma lumen (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) osalemba n'komwe, mukafunsa za CRI (nambala yosonyeza mmene nyali imaonetsera mitundu) amakuyang'anani ngati mwawatukwana, kenako akuyatsirani babu kumaso kuti muone kuwala kwake. Kuthobwa m'maso si umboni wa chilichonse! Ndiyeno pali amagetsi aja amene amakhoma machubu onse mzere umodzi pakati penipeni pa denga, waya wongopotokola n'kukulunga tepi, swichi imodzi, alandira ndalama apita. Chimene chimawala ndi denga la galimoto lokha. Zitseko zili mumdima, mukawerama mutu wanu womwe ukutchinga pamene mukugwira.

Pogula yang'anani manambala atatu. Mtundu wa kuwala ukhale 5000K. Wa 3000K ndi wachikasu, pa galimoto yoyera umabisa madontho ndi penti wofwifwa. Wa 6500K, umene wadzaza m'masitolo, umapita kobiriwira ngati thambo, ndipo pa siliva ndi pearl white umatopetsa maso msanga. CRI ikhale 90 kupita m'mwamba kuti mitundu izioneka mmene ilili, makamaka ngati mumathiranso penti m'malo mogumuka. Ya 80 ndi yotsukira galimoto basi.

Chachitatu ndi kuchuluka kwake. Pa boneti pamafunika ma lux 750 kufika 1,000 (lux ndi ma lumen ogwera pa sikweya mita imodzi). Galaja yanuyo ndi masikweya mita 24, kuchulukitsa ndi 750 ndi ma lumen 18,000 ofika pagalimoto. Koma makoma a njerwa ndi malata amadya pafupifupi theka, choncho werengerani cha m'ma 30,000. Chubu chabwino cha LED cha mita 1.2, cha 36W, chimatulutsa cha m'ma 3,600, ndiye mukufuna zisanu ndi zitatu. Zonse pamodzi ndi 288W, kupitirira pang'ono 1 amp pa 230V, moti waya wa 1.5mm ndi bureka ya 6A zikwana bwinobwino. Makoma pakani penti woyera wosanyezimira musanakhome chilichonse. Ndowa imodzi ya penti imabweza kuwala kumene mukanagulira machubu ena.

Kakhomedwe kake: anayi kudenga m'mizere iwiri yotsata utali wa galimoto, mizereyo italikirane mamita awiri kapena kupitirirako pang'ono, kuti kuwala kuzigwera pamene denga la galimoto limakumana ndi zitseko. Anayi enawo m'makoma, awiri mbali iliyonse, chogona, mita imodzi kuchokera pansi, cha m'chiunomu. Amenewa ndi amene amaonetsa m'munsi mwa zitseko, pamene phula ndi matope zimabisala. Akudenga musawagundike ku malata. Apachikeni ndi unyolo masentimita 20 kapena 30 m'munsi, chifukwa chimene chimapha LED ndi kutentha. Mu Okutobala kabokosi kake ka m'kati kamapsa, chubu n'kuyamba kuphethira.

Tsopano onsewo ndi ogwirira ntchito, si oonera zokanda. Zokanda zimaoneka ndi kuwala kochokera pakadontho kamodzi, monga dzuwa. Gulani ma floodlight awiri ang'onoang'ono a 20W kapena 30W, aja okhala ndi diso limodzi pakati, osati timaso tambirimbiri. Aikeni pamiyendo yonyamulika, kapena wowotcherera akupangireni. Aimikeni mita imodzi ndi theka kuchokera pagalimoto, chopendekera, muzimitse machubu onse, muziyang'ana mozungulira chithunzi cha nyaliyo pa penti. N'chifukwa chake maswichi akhale atatu: denga, makoma, masoketi. Kuwonjezera apo, tochi ya m'manja yotchajika. Za kampani ya Scangrip anazipangira ntchito yomweyi koma n'zodula, tochi wamba ya diso limodzi imathandiza ndithu. Musanaunike pukutani kaye ndi IPA (spirit ya isopropyl) yosungunula ndi madzi, chifukwa mafuta a polishi amadzaza timizere, amakunamizani, n'kudzachoka tsiku loyamba kutsuka. Halogen ya 500W imaonetsa bwino zedi, koma imatenthetsa chitsulo, polishi amauma musanamalize kumuyendetsa.

Ngati mumatsukira momwemo, machubu akhale a IP65, otsekedwa kuti fumbi ndi madzi zisalowe, makamaka a m'makoma amene madzi amawagwera, ndipo pa bolodi pakhale earth leakage ya 30mA, bureka ija imene imadula magetsi akayamba kugwira munthu. Apa musanyengerere munthu, mumaima m'madzi makina ali m'manja. Ma hexagon ambiri otsika mtengo amalumikizana ndi timapulagi tosatseka madzi, ndipo kamodzi kakachita dzimbiri mbali yonse imazima.

Musanalipire machubu, auzeni ogulitsa ayatse, inu mujambule ndi foni pa slow motion. Mukaona mizere yakuda ikuyenda, siyani, mutu udzakupwetekani tsiku lililonse. Nyengo ya mvula tsekani chitseko mukamapaka wax kapena coating madzulo, ngumbi zimathamangira kuwala n'kumatirira pa penti. Babu limodzi panja, kutali ndi khomo, limazikokera komweko.

Koma ndalama ikakhala yochepa, gulani omwewo otsika mtengo a 6500K, bola akhale ambiri ndipo muwakhome m'makoma, chenjiyo muike pa tochi. Ma hexagon mudzaike pambuyo, makasitomala amawakonda pa zithunzi za pa Facebook. Ndipo ngakhale mutagula zonse ndatchulazi, galimoto yakuda muzikankhira panja padzuwa, muizungulire kawiri nokha, foni ya mwiniwake muimbe mukatha.