Giya kuchedwa kusintha m'mawa: musanamasule giyabokosi, fufuzani thermostat

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Dedza. Ali ndi Toyota Corolla yochokera ku Japan, ya 2003, injini ya 1.5, ya otomatiki ya magiya anayi. Akuti chiyambire kuzizira mu June, akadzuka m'mawa n'kulowa mumsewu wa M1 kulunjika ku Lilongwe, galimoto imakakamira pa giya yachitatu. Liwiro likafika 80, muvi wa injini umakhala pa 3,000, injini ikulira ngati ikupempha giya ina, koma osasintha. Imadzasintha atayenda mtunda wautali, ndipo masiku ena pa mitsetse imabwereranso pa yachitatu yokha. Masana kukatentha zonse zimayenda bwino. Makaniko wina wawauza kuti giyabokosi yatha, agule ina. Funso lawo ndi lakuti: agule kodi?

Bambo, musagule kaye. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikukayikira kwambiri kuti giyabokosi yanu ili ndi vuto.

Galimoto yanuyo inapangidwa kuti izichita zimenezi ikakhala yozizira. Kompyuta yake imawerenga kutentha kwa madzi a mu injini kudzera pa kasensa kakang'ono, ndipo madziwo akakhala kuti sanafike madigiri pafupifupi 60, imakaniza dala giya yachinayi, ija imatchedwa overdrive. Imakanizanso lock-up, komwe ndi kugwirana kwathunthu kwa injini ndi giyabokosi mkati mwa torque converter, chipangizo chodzaza oyilo chimene chimalumikiza ziwirizi. Zifukwa zake n'zomveka. Injini yozungulira mofulumirirapo imatentha msanga, ndipo ikatentha imawotcha petulo bwino ndi kuchepetsa utsi. Oyilo wa giyabokosi nayenso akazizira amakhala wolimbirako, sayenda mwachangu m'tinjira tating'onoting'ono ta mu valve body, mbali ya giyabokosi imene imawongolera oyilo posintha magiya, ndiye amafunika kufunda kaye. Giya yachinayi ikaloledwa, muvi uja umatsika kuchoka pa 3,000 kufika cha m'ma 2,100, ndipo n'chifukwa chake kusiyana kwake mumakumva ndi khutu.

Choncho galimoto ikakakamira pa yachitatu kwa mphindi zochepa m'mawa wa ku Dedza, Mzuzu kapena ku Thyolo nthawi ya chiperoni, palibe chodandaulitsa. Amene ali ndi Vitz, Passo kapena Fit amaona kanyali kobiriwira kapena kabuluu kosonyeza kuti injini ikadali yozizira. Kakazima, galimoto imapepuka.

Koma m'kalata yanu muli mawu awiri amene andiimitsa: mwati imasintha mutayenda mtunda wautali, ndipo mwati pa mitsetse imabwerera m'mbuyo. Injini yabwinobwino siyenera kutenga nthawi yonseyo kuti ifunde, ndipo ikafunda siyenera kuziziranso chifukwa choti mukutsetsereka. Apa ndi pamene ndikuganizira thermostat.

Thermostat ndi kachitseko kamene kamatseka njira ya madzi opita ku redieta mpaka injini itatentha. Pa injini ngati yanuyo kamayamba kutseguka madzi akafika madigiri pafupifupi 82. Kuno kwathu kuli chizolowezi chimene chimandipweteka mtima: galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam, kapena ikangowira kamodzi, ena amachotsa thermostat n'kuitaya, ati n'za kumayiko a chipale chofewa. Enanso amalumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotembenuzidwa. Zotsatira zake madzi amazungulira mu redieta kuyambira pamene mwaliza galimoto. Masana a October simungazindikire kanthu. Koma m'mawa wa July, mphepo yozizira ikuomba redieta pa liwiro la 80, phazi lanu lisali pa moto chifukwa msewu ukutsetsereka, injini sipanga kutentha kokwanira. Madzi amatsika pansi pa malire aja, kompyuta n'kuganiza kuti mwangodzuka kumene, n'kulanda giya yachinayi. Giyabokosi ikungomvera zimene yauzidwa.

Ndipo kuonongeka kwake sikuthera pa giya. Injini yokhalira kuzizira imamwa petulo wambiri chifukwa kompyuta imaonjezera mafuta, imadyeka msanga mkati, ndipo hita ya m'galimoto imangopuma kamphepo kofunda pang'ono pamene galasi lachita nthunzi. Thermostat imathanso kukhalapo koma itauma ili chotsegula. Zizindikiro zake n'zomwezo.

Mukhoza kuyesa nokha mawa m'mawa. Lizani galimoto ili yozizira, tsegulani boneti, ndipo gwirani payipi yaikulu yam'mwamba yopita ku redieta, mosamala ndi fani komanso lamba. Ngati thermostat ili bwino, payipiyo imakhala yosatentha kwa mphindi zingapo, kenako n'kutentha mofulumira. Ngati ikufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, madzi akudutsa nthawi isanakwane. Onaninso ngati fani ikuzungulira injini ikadali yozizira, AC ili yozimitsa. Poyenda, yang'anani muvi wa kutentha: uyenera kukwera kufika chapakati n'kukhazikika pomwepo, osamatsika pa mtsetse. Chivindikiro cha redieta chokha musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amawaula nkhope.

Ngati zonsezi zili bwino, chotsatira ndi kasensa kaja. Kakayamba kunama, injini imakhala yotentha koma kompyuta ikuuzidwa kuti ikadali yozizira. Makaniko amene ali ndi makina oyezera akhoza kuwerenga madigiri amene kompyuta ikuona galimoto ikuyenda, n'kudziwa pompo. Dziwani kuti timakina tina totchipa sitiwerenga galimoto zopangidwira msika wa ku Japan za zaka zimenezo, ndiye funsani kaye. Komanso, ngakhale ndi nkhani yaing'ono, onetsetsani kuti kanyali ka O/D OFF sikakuyaka. Kabatani kake, kamene kamaletsa giya yachinayi, kali pa chogwirira cha giya ndipo kamadinika mosadziwa.

Tsopano ndinene za kuchedwa kwa mtundu wina, chifukwa anthu ambiri amasakaniza ziwirizi, ndipo kumeneku ndiye koopsa. Mwaliza galimoto, mwaponda buleki, mwaika pa D kapena pa R, koma galimoto ili duu, kenako n'kudzagwira mogunda patapita masekondi atatu, anayi kapena kuposa. M'mabuku okonzera a Toyota, giyabokosi yofunda imayenera kugwira D isanathe sekondi 1.2, ndi R isanathe sekondi 1.5. Kukazizira ikhoza kuchedwerako pang'ono, makamaka ngati galimoto yakhala masiku osayenda ndipo oyilo watsika kuchoka mu torque converter. Koma ikamachedwa m'mawa uliwonse, kapena posintha giya injini n'kumalira mokweza galimoto osathamanga, ngati yagwera pa N, pamenepo mphamvu ya oyilo ikuchepa penapake. Mwina oyilo ndi wochepa, mwina sefa yake yatsekeka, mwinanso timalabala ta mkati tauma ndi ukalamba: tikazizira timadontheza, tikafunda timafewa n'kugwiranso. Inu simunatchule zimenezi, ndipo n'zimene zikundilimbitsa mtima.

Oyiloyo muyezebe, chifukwa galimoto yazaka zoposa 20 kawirikawiri mwini wake sadziwa tsiku limene anasinthidwa komaliza. Corolla yanu ili ndi kandodo koyezera. Yendani kaye mpaka galimoto itenthe, imani pamalo osapendekeka, injini ikulira, dutsitsani chogwirira pa magiya onse mutaponda buleki, n'kubwerera pa P. Oyilo afike pa chizindikiro cha HOT. Donthezani pa pepala loyera. Wofiira kapena woderako pang'ono ali bwino. Wakuda wonunkha kupserera akusonyeza kuti ma clutch a mkati akudyeka. Akaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, madzi alowa kudzera m'kapayipi koziziritsira kamene kali mu redieta, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka ikonzedwe.

Pogula oyilo, werengani zimene zalembedwa pa kandodo kaja kapena m'buku la galimoto. Ma Toyota ambiri a nthawi imeneyo amafuna Type T-IV, atsopanoko amafuna WS. Mawu akuti ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki) ndi imodzi, bola ikhale yofiira, apha magiyabokosi ambiri. Amene muli ndi galimoto za otomatiki ya mtundu wa CVT samalani koposa: zanuzo zilibe magiya owerengeka, zimangokweza muvi wa injini zikakhala zozizira, ndipo oyilo wake ndi wakewake, monga NS-2 kapena NS-3 pa Nissan. Ngati oyilo wanu wakalamba, ine ndimakonda kukhetsa wa mu sampu n'kuthira watsopano, n'kudzabwerezanso mutayendako, kusiyana ndi kutsuka ndi makina amphamvu pa giyabokosi yakale.

Za kutenthetsa galimoto m'mawa, musaotche petulo kwa theka la ola pakhomo. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana, kenako nyamukani mofatsa, osaponda moto kwambiri mpaka muvi wa kutentha utadzuka. Injini ndi giyabokosi zimafunda msanga zikamayenda kusiyana ndi zikaima.

Ndiye pitani ku galaja mukapemphe kuti atsegule pamene pamakhala thermostat inu mukuona. Mukapeza mulibe kanthu, kapena ili chotsegula, ikani yatsopano ya madigiri oyenera ndi labala yake, fani ibwezeretsedwe mmene inalili, ndipo muthire coolant m'malo mwa madzi apampopi. Ngati anaichotsa chifukwa galimoto inkawira, muuze makaniko afufuze chimene chinkawiritsacho, kaya ndi redieta yotsekeka, pampu ya madzi kapena chivindikiro chotha. Mukatero yendani m'mawa msewu womwewo wa ku Lilongwe, muone malo amene giya yachinayi yalowera, ndipo mundilembere.