Kunjenjemera kwa drone: yang'anani mapiko ndi mchenga

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe vidiyo ya drone yanu ikutulukira ikuchita mafunde ngati madzi a m'beseni, chonsecho kamera ndi yatsopano. Kamerayo musaikayikire. Kamera zambiri zotere zimatola chithunzi mzere ndi mzere, ndiye drone ikamanjenjemera mizereyo siigwirizana.

Yambani ndi mapiko. Yendetsani chala m'mphepete mwa lililonse, chifukwa kubenthuka kochepa ngati kachikhadabo n'kokwanira kuyambitsa vutoli. Lobenthuka ingosinthani. Lamphumphu lilowetseni pakawaya kowongoka muone mbali yomwe ikupendekera pansi, kenako matani kachidutswa ka selotepi mbali yopepukayo mpaka likhazikike.

Koma chomwe chinandizunza ine kuno ku Senga Bay ndi mchenga. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja kuno uli ndi tinjere takuda tomwe maginito a m'kati mwa motor (kainjini kozungulitsa mapiko) amakoka. Chotsani mapiko onse, muzungulitse motor iliyonse ndi chala pang'onopang'ono. Mukamva kukhwekhwereza, muli mchenga kapena ma bearing (tizitsulo tothandiza motor kuzungulira mosakhwekhwereza) atha. Yanga ina nditaisegula m'kati munali bii ngati mwaye, mtima unandipweteka. Ndinapukuta ndi kaburashi kofewa, ndipo kuyambira pamenepo sindinyamutsiranso pamchenga, ndimayala katoni kapena mphasa.

Onaninso timphira togwira gimbal, kachipangizo konyamula kamera kuti isamagwedezeke. Dzuwa la mu Okutobala limatiumitsa n'kuyamba kung'aluka. Ma screw a motor nawonso amamasuka, amangeni bwino. Ndipo mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi, dikirani uyambe waphwa musanaulutse.