Mapasa ofanana nkhope, matupi osiyana: yankho kwa amayi a ku Katete

Amayi ena a ku Katete anditumizira imelo. Ali ndi mapasa aamuna a zaka 9, nkhope imodzi, koma wina ndi wojintcha pamene mnzake ndi woonda ndipo amadwaladwala. Apongozi awo akuti pali dzanja la munthu. Funso lawo: ngati magazi ndi amodzi, kusiyanaku kwachokera kuti?

Amayi, tiyambire pa thupi lanu lomwe. DNA, imene imasunga malangizo a kapangidwe ka thupi ochokera kwa makolo, ndi imodzimodzi m'diso lanu ndi m'chiwindi, komabe diso silipanga ndulu. Thupi ndi lopangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse limatseka majini ena (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizowo) n'kusiya ena otsegula. Njira imodzi yotsekera ndi tizinthu totchedwa methyl timene timamatirira pa DNA. Jini ilipo ndithu, koma yakhala chete. Maphunziro a zimenezi ndiwo epigenetics, dzina limene katswiri wa sayansi Conrad Waddington anayambitsa mu 1942. Oweta njuchi amaziona: kamphutsi kakakazi kakadyetsedwa chakudya chapadera kamasanduka mfumukazi, apo ayi kakhala wantchito wamba.

Mapasa nawo amayamba kusiyana ali m'mimba, pakuti chakudya chodzera mumchombo sichigawika mofanana nthawi zonse. Mu 2005 akatswiri a ku Spain anapeza kuti mapasa a zaka 3 anali ndi zizindikiro zofanana kwambiri pa DNA, pamene a zaka 50 anali atasiyana patali.

Chimene chimandikhudza ine ndi nkhani ya njala. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa mu 1944 mpaka 1945. Mu 2008 anayeza anthu amene mimba yawo inatengedwa m'njalayo, n'kupeza kuti jini yokulitsa thupi ya IGF2 inali ndi methyl wochepa poyerekeza ndi abale awo, patapita zaka 60. Ku Gambia anaonanso kusiyana pa ana otengedwa m'dzinja, nkhokwe zitauma. Ndikamawerenga zimenezi ndimaganiza za Januwale ndi Febuluwale wathu, mayi wapakati akudya nsima kamodzi patsiku. Folic acid ya kusikelo ija, nyemba ndi chiwawa (masamba a maungu) zimathandiza thupi kupeza methyl ameneyu.

Musadziimbe mlandu, ndipo musagule mankhwala odula amene pa Facebook akuti amakonza majini. Mwana woondayo mupite naye kuchipatala akamuyeze malungo, njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi. Apongozi muwatenge, akadzimvere okha.