Mpando sungakuchitireni umboni, achimwene

Lachiwiri ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa kalipentala wina wa ku Bangwe. Akufuna kulowa nawo mpikisano wa amisiri a matabwa, koma okonza akuti aliyense abweretse zithunzi za ntchito kuyambira pa thabwa mpaka pa vanishi, miyeso, mtundu wa mtengo ndi lisiti la komwe anagula matabwa. Funso lake n'lakuti: "Zonsezi n'zachiyani? Mpandowo si uli pamaso pawo?"

Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Ine ntchitoyi ndinaiphunzira ku Ndirande, pa shedi ya malata ya bambo wina amene malume anakandisiyako fizi ya Fomu 3 itasowa. Zaka ziwiri zoyamba ndinkangosesa utuchi, kuwongola misomali yakale pamwala ndi kupala ndi sandipepa mpaka zala kutuluka matuza. Chaka chachitatu ndinapanga kabati yanga yoyamba, ya mlombwa. Matabwa ndinagula ndi ndalama zanga za maganyu, ndipo ndinawasanjika mwezi wathunthu pamthunzi kuti aume bwino. Ndinkaipanga madzulo anzanga akaweruka. Zitseko ziwiri, madirowa atatu, popanda msomali ngakhale umodzi. Polumikiza ponse ndinaboola ndi tchizulo, kulowetsa mano, kuthira guluu, kumanga. Dirowa lapansi linkakana kutseka, ndinalipala katatu. Thabwa limodzi linali ndi mfundo yakuda ngati ndalama yachitsulo, ndinaitembenuzira kuseri kuti isamaoneke.

Kenaka mtauni muno munachitika chionetsero cha ntchito zamanja. Abwana anati, "Mwana wanga, tiyeni nayo kabatiyi, anthu akudziwe." Ndinaikweza ndekha pa lole, nditaikulunga ndi bulangete langa logona. Tsiku lachiwiri ndikufika, pamwamba pake pali pepala la dzina lawo. Oweruza anawagwira chanza, anawapatsa satifiketi, ndipo maoda onse amene anatsatira anapita kwa iwo. Ndinapita kwa mayi wina wa komiti, mawu akunjenjemera. Anandimvetsera bwinobwino, kenaka anandifunsa mofatsa kuti, "Uli ndi chiyani chosonyeza kuti ndi yako?" Ndinalibe kalikonse. Miyeso ndinalemba ndi pensulo pa kachidutswa ka thabwa, ndipo kachidutswako tinali titasonkhezera kale moto wa tiyi. Ndinawauza za mfundo yakuseri ija, koma abwananso ankaidziwa, paja kabati inakhala miyezi mu shedi mwawo.

Mpaka lero ndikamva fungo la mlombwa ukupalidwa, tsiku lija limabwera.

Ndiye ndikuuzeni mosabisa: mpikisano umene sufunsa mapepala umapondereza wamng'ono. Wopambana amakhala mwini shedi, mwini lole, munthu wodziwika kwa oweruza, pomwe mnyamata amene anagwira pulena wayima kumbuyo. Ndipo vutoli tili nalo tokha amisiri. Chilichonse timasunga m'mutu. Malume anga ankapanga mipando yopinda imene munthu ukakhalapo msana umapuma. Atamwalira, ife tonse tinayesa kuitengera, palibe inatuluka chimodzimodzi, chifukwa kupendekera kwa kumsana kuja sanakulembe paliponse. Anapita nako kumanda.

Za lisiti la matabwa ndiye musadandaule n'komwe, funso limenelo linachedwa kubwera. Tayang'anani phiri la Ndirande mmene lilili, miyala yokhayokha. Akuluakulu amene analiona lili ndi nkhalango akadalipo. Mkungudza wa ku Mulanje unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse la Mulanje. Inatha ndi macheka, ndipo matabwa ake anathera m'mashedi ngati athuwa. Lamulo la nkhalango la 1997 lilipo, koma tikamagula matabwa otsika m'bandakucha, mbawa kapena mlombwa, ndi angati a ife amafunsa komwe achokera? Inenso matabwa a kabati ija sindinafunse, ndipo zimandiwawa. Oweruza amene angapereke mphotho ku mpando wa mtengo wakuba ndiye kuti akuombera m'manja wakubayo. Ine ndingakonde kuona paini wa ku Chikangawa kapena bulugamu wopangidwa mwaluso akupambana.

Nanga mukonze chiyani?

Gulani kope la sukulu. Tsamba loyamba jambulani mpandowo ndi pensulo, kutsogolo ndi m'mbali, muikepo miyeso yonse, ndipo musasakanize mainchesi ndi masentimita. Lembani mtundu wa mtengo, komwe munagula ndi tsiku lake, lisiti mulimate pomwepo. Ngati wogulitsa alibe buku la malisiti, alembe pa pepala ndi kusaina. Onjezani guluu, vanishi ndi zitsulo zimene mwagwiritsa ntchito. Zithunzi za pafoni zikwanira: matabwa asanadulidwe, polumikiza musanamange, mpando usanapakidwe, ndi utatha. Zina muonekemo inuyo muli pa ntchito. Ngati wina wakuthandizani, ngakhale kupala kokha, mutchuleni. Werenganinso pepala la malamulo a mpikisanowo, chifukwa ena amafuna zithunzi zosindikiza. Ndipo musanapake vanishi, tembenuzani mpandowo, mulembe dzina lanu ndi tsiku kunsi kwake.