Yankho la malume pa za sukulu ya pa foni ya mphwanga

Eya achemwali, mwaswera bwanji ku Bangula kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, kungoti masana ndinali kuntchito ku mapampu a mthirira, phokoso lake munthu sungalankhule. Ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano, poti ndaona alamu nawo aponyapo mawu, kuti tonse timvere limodzi.

Mwafunsa kuti zomwe akuchita mphwangayu, zoti kuntchito kwawo amuuza kuti aziphunzira pa foni, kodi ndi sukulu yeniyeni kapena akungotha ndalama za bandulo. Mwatinso mwina kuli bwino asiye ntchitoyo abwere adzalembenso Fomu 4. Alamu nawo akuti sukulu yopanda mphunzitsi ndi bolodi iwo sanaionepo.

Ine ndikuti asasiye. Koma mundimvetse bwino, chifukwa foniyo payokha si imene ndikuikira kumbuyo ayi.

Mukudziwa mmene tinkaphunzirira ife. Umakhala m'kalasi chaka chonse, pamapeto mayeso, ukapeza theka la malikisi akuti wakhoza. Theka linalo lomwe sunadziwe palibe amakufunsanso. Tsono kuntchito ngati yathuyi zimenezo sizitheka. Munthu sangadziwe theka la kazimitsidwe ka magetsi. Ndiye maphunziro amene akupatsidwa mnyamatayu amayenda mwina. Amatenga ntchito yonse ya pa pampu n'kuiduladula m'magawo. Gawo lina ndi kuzimitsa ndi kukhoma magetsi usanagwire makina. Lina kuliza pampu. Lina kuthira girisi ndi kumvetsera bearing. Lina kulemba lipoti la shifiti. Gawo lililonse lili ndi mndandanda wa zinthu zomwe munthu ayenera kuonetsa kuti akuzitha. Pa foni amaonera mavidiyo, amawerenga, amayankha timafunso. Akaona kuti wakonzeka amakauza akapitawo, kenako kumabwera woyesa, kudzaima pambali pake ndi pepala, kumuyang'ana manja. Zotsatira zake ndi ziwiri basi: wakwanitsa, kapena sanafikepo. Amene sanafikepo samuchotsa ayi, amamuuza pamene paperewera, akakonzeke, adzayesenso. Wachangu amathamanga, wochedwa amapita pang'onopang'ono, koma onse akafike pa muyezo umodzi.

Ndipo zimenezi sizinayambe ndi mafoni. Bungwe loyang'anira maphunziro a luso la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limagwiritsa ntchito njira yomweyi m'makoleji a ntchito zamanja, monga Soche ku Limbe kapena Nasawa ku Zomba. Amaitchula kuti CBET, kutanthauza maphunziro oyesa zomwe munthu akutha kuchita. Chatsopano apa n'chakuti mbali ya kuwerenga ija aiika pa intaneti, kuti munthu asachoke pantchito kukakhala m'kalasi ku Blantyre.

Ndikupatseni chitsanzo cha gawo loyamba lija, chifukwa ndi limene limandikhudza kwambiri. Mapampu athu amayendera magetsi a 400 volts. Tinene kuti pampu yaleka kukoka madzi, namasupuni watseka ku foot valve, kukamwa kwa paipi yokoka madzi mumtsinje, monga zimachitikira kawirikawiri mu Shire muno. Mnyamata atumidwa kukachotsa. Choyamba akazimitse pa isolator, switchi yodula magetsi opita ku pampuyo. Akhome loko yake, yakeyake, kiyi aike m'thumba mwake, osapatsa mnzake. Apachike chikwangwani choti pali munthu akugwira ntchito. Kenako atenge tesita, aiyese kaye pamalo pamene akudziwa kuti pali moto kuti aone ngati ikugwira, ndiye ayese pa makinapo. Akatero adinenso batani loyatsira, aone kuti mota siikutembenuka. Pamenepo ndiye agwire. Ndipo kumtsinjeko sapita yekha, pakhale wina woyang'ana madzi chifukwa cha ng'ona. Zonsezi pa foni zilipo, vidiyo yake ndi yabwino ndithu, ukhoza kuibwereza mpaka kuloweza. Koma ndinaonapo mnyamata wina amene mafunso a pa foni anakhoza onse, tsiku loyesedwa anazimitsa bwinobwino, loko n'kuisiya ikulendewera osaikhoma, dzanja ulendo ku coupling, polumikizira mota ndi pampu. Woyesa anangomugwira mkono n'kunena kuti basi, lero tilekere pomwepa. Mnyamata anakwiya, akuti chinthu chimodzi chokha. Koma chinthu chimodzicho n'chimene chimadula anthu zala, chifukwa mnzako ali ku panel sakudziwa kuti uli kumeneko, angobwera n'kuyatsa.

Tinadzamva pambuyo pake kuti mafunso aja ankamuyankhira ndi mnzake wa m'nyumba imodzi. Apa ndiye pamene ndikufuna mphwanga amve, poti ndikudziwa kuti ali pagulu pano ngakhale sakuyankha. Iwe, foni yako usapatse munthu kuti akudinire. Ndikudziwa kuti umaweruka utatopa, kutentha kwa Okutobala kuno kumapitirira madigiri 40, foni nayo imatentha mpaka kuzima yokha, ndipo pali anyamata amene amati tigulire kabotolo tikumalizira gawo lonse usiku umodzi. Ukatero kompyuta ilemba kuti wamaliza, akapitawo aona kuti wamaliza, mawa akutuma wekha ku pampu ya kutali poganiza kuti ukudziwa. Powolokera pa Mtayamoyo paja, mukamakwera bwato madzi atadzaza, mumayang'ana mmene munthuyo wagwirira nkhafi, ndipo ngati ndi wongomva za kupalasa mumatsika. Pampu nayo imamudziwa munthu chimodzimodzi.

Tsono achemwali, kudandaula kwanu pa bandulo n'koona, sindikukutsutsani. Apa makampani ena amalakwitsa. Amangotumiza link pa WhatsApp, n'kumusiya wantchito agule yekha data pa kamalipiro kake, aphunzire usiku nthawi yake yopuma, kenako n'kumalengeza kuti taphunzitsa antchito athu. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Kuphunzira ntchito ya kampani ndi ntchito, kuyenera kupatsidwa nthawi yake. Olemba anthu ntchito m'dziko muno amapereka kale ndalama ya TEVET levy, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, yoti ithandize maphunziro a luso, ndiye nkhani yophunzitsa antchito si yachilendo kwa iwo. Mphwanga akafunse mwaulemu ku ofesi ya antchito ngati pali Wi-Fi yoti azitsitsirapo maphunzirowo, kapena kompyuta ya pa ofesi, kapena ola limodzi pa sabata loti akhale pansi. Nthawi zambiri zimakhalapo, kungoti anyamata atsopano amaopa kufunsa. Ndipo mavidiyo ambiri amatheka kuwatsitsa kamodzi n'kumaonera opanda netiweki. Azitsitsa ali pa Nchalo pamene netiweki ili bwino, asamalimbane nazo ali kumunda.

Vuto lina ndi lakuti maphunziro ambiriwa anakonzedwa kunja. Chingerezi chake n'chothamanga, pampu ya mu vidiyo ndi yoyera, madzi ake oyera. Simuona matope a Febuluwale amene amadya impeller, chitsulo chozungulira chokankha madzi m'kati mwa pampu, simuona magetsi akuthimathima. Ndiye pamafunika munthu wamkulu pantchitopo woti azimasulira, kunena kuti izi akunenazi, pa pampu yathu ino ndi apa. Ine anyamata anga ndimakhala nawo pansi pa mtengo nthawi ya nkhomaliro, foni pakati, timaimitsa vidiyo, ndimafotokoza m'Chichewa, ena amafunsa m'Chisena, kenako timapita kukaloza chinthucho ndi chala. Alamu, mphunzitsi amene mukumufunayo alipo, ndi ameneyo. Ngati kuntchito kwa mphwanga kulibe munthu wotero, komanso kulibe woyesa amene amabwera kudzaona manja, angokhala mafunso a pa foni okhaokha kenako satifiketi, pamenepo ndiye ndingavomerezane nanu kuti palibe chimene akuphunzira.

Za pepala tsopano, poti ndikudziwa kuti mtima wanu uli pamenepo. Mapepala alipo a mitundu iwiri. Lina ndi la kampani yokha, limathandiza kuti akukweze kapena akulole kugwira makina ena, koma ukatuluka pageti mphamvu yake imachepa. Lina ndi lovomerezeka ndi TEVETA, la Level 1, Level 2, kumakwera choncho, limene ungapite nalo kwina kulikonse m'dziko muno. Ndiye akafunse kuti lawolo ndi liti. Likakhala la kampani yokha asataye mtima, azisunga umboni wa gawo lililonse lomwe wakwanitsa, pepala losainidwa ndi woyesa, tsiku lake, makina ake. TEVETA ili ndi njira yoyesa anthu amene anaphunzirira luso pantchito osapita ku koleji, amati Recognition of Prior Learning, ndipo umboni umenewo ndi umene umamuthandiza munthu akafika kumeneko. Ofesi yawo ku Blantyre iliko, tikhoza kudzapita limodzi.

Koma chonde, izi ndikuuza gulu lonse, osati mphwanga yekha. Pa Facebook pali anthu amene amalengeza kuti tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, pakatha masiku ochepa satifiketi yatuluka. Palibe kuyesedwa, palibe kugwira chitsulo. Imeneyo si sukulu, ndi kuba. Sukulu ya luso iyenera kukhala yolembetsedwa ku TEVETA, ya ukachenjede ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Musanatumize ndalama funsani kaye.

Ndipo mapepala onsewo aziwajambula pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Mukukumbuka namondwe Ana mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, mmene anthu kuno anatulukira m'nyumba ndi zovala za m'thupi zokha. Alipo anzanga amene masatifiketi awo anapita ndi madzi, kuti apezenso ena anavutika koopsa. Ubwino umodzi wa maphunziro a pa intanetiwa ndi umenewo, zomwe wakwanitsa zimasungidwa pa akaunti yako. Bola asaiwale password, ndipo asanachoke pa kampanipo adzatsitse zonse, chifukwa akaunti ya kuntchito amatseka munthu akachoka.

Za Fomu 4 zija. Sindikunena kuti MSCE ndi yopanda ntchito, ayi ndithu. Masamu ndi Chingerezi adzazifuna akamakwera, ngakhale kuwerenga buku la makina kumafuna zimenezo. Koma sizifunika kusiya ntchito. Masukulu a open alipo, amaphunzira masana ena akaweruka, mayeso ake ndi omwewo a MANEB. Akhoza kukambirana ndi akapitawo za mashifiti. Kusiya ntchito lero kuti akakhale pakhomo kudikira mayeso, pamene malo akewo pali anyamata ambirimbiri akuwafuna pageti, ine sindingamulangize choncho.

Chinanso muganizire kumene chigwa chathu chikupita. Ngalande yaikulu ija ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala opitirira 40,000 m'Chikwawa ndi Nsanje, kutsika mpaka cha kwanu ku Bangula. Madzi ake adzayenda okha motsetsereka, osati kukokedwa mumtsinje ndi mapampu ngati mmene tikuchitira panopa. Ndiye ntchito yathuyi idzasintha. Kudzafunika anthu odziwa kutsegula ndi kutseka mageti a madzi, kuyeza madzi amene alowa m'munda, kusamala ma pivot, makina othirira aja oyenda mozungulira m'munda, kusunga marekodi a makopaletivi a alimi ngati a ku Phata ndi Kasinthula. Palibe amene adzatseke minda kuti tonse tibwerere ku koleji zaka zitatu. Tidzaphunzira chonchi, gawo limodzi, kuyesedwa, gawo lina, tili pantchito. Ine ndemwe pa msinkhu wanga uno ndikuchita gawo la ma panel atsopano, ndipo woyesa wanga ndi mwana wamng'ono kwa ine, koma amadziwa, ndiye ndimamumvera. Mphwanga akazolowera kuphunzira mwa njira imeneyi panopa, zikadzafika zimenezo sadzavutika.

Ndiye iwe mphwanga, unditumizire chithunzi cha mndandanda wa magawo amene akupatsa, ndione kuti wafika pati komanso woyesa wanu amabwera liti. Loweruka ndikapita kumsika pa Nchalo undipeze, ubwere ndi loko yako ndi tesita, tidzadutse gawo la kukhoma magetsi lija ndikukuona ndi maso. Achemwali, bandulo ya mwezi uno ndimugulira ine, inu ndalama yanuyo sungani ya mbewu. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala awo aja ndagula, ndipatsira wa minibasi mawa m'mawa.