Chapati zofewa pa induction: yambani mwasintha chiwaya

Achemwali, mwati chisamukireni mu fulati yomwe eni ake salola gasi kapena mbaula, chapati zanu zikumatuluka zouma ngati chikopa, pakati popserera koma m'mbali mosapsa, ndiye mukufunsa ngati vuto ndi fulawa kapena sitovu yamagetsi ya induction mwaipeza m'nyumbamo. Musataye ndalama kusinthasintha fulawa. Ngati pa mbaula zinkafewa ndi fulawa yemweyo, manja anu alibe mlandu. Vuto lili pa chiwaya ndi kakolezedwe ka moto.

Induction siifanana ndi moto tinazolowera. Pansi pa galasi lija pali waya wokulungidwa mozungulira, ndipo ndi amene amachititsa kuti chitsulo cha chiwaya chitenthe chokha. Chimatentha pokhapo pamene payang'anana ndi wayayo. Pa makala moto umanyambita chiwaya chonse mpaka m'mbali, koma apa ayi. Komanso masitovu otchipa a malo amodzi aja, bwalo lenileni la waya limakhala laling'ono kuposa mzere anajambula pa galasi. Ndiye chiwaya chikakhala chopyapyala, pakati pamayaka pomwe m'mbali mukadali mofunda chabe. Inu poona m'mbali mosapsa mumadikira, chapati nkumauma. Mukatsitsa moto kuti isapserere, imakhalitsa pamoto, nkuumiratu.

Chonde musagule mapani opepuka a nonstick (aja opaka utoto wakuda kuti chakudya chisamatirire) olembedwa kuti amagwira pa induction. Wogulitsa pa shopu ina m'tauni muno mu Johannesburg anachita kundilumbirira kuti pani yake ndi yeniyeni, ndinapereka cha m'ma R180. Pansi pake anangomatapo kachitsulo kopyapyala, kwina konseko ndi aluminiyamu. Mwezi sunathe, inapindika pakati nkuyamba kugwedera pa galasi. Sitovu inkangolira nkuzima chapati ili pamoto, kenako utoto wakuda uja unayamba kusupuka nkumamatirira ku chakudya cha ana. Nditabwerera nayo anandiuza kuti ndinaiwononga ndekha, ndalama sanabweze. Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo mtima umandiwawa. Chapati zimafuna chiwaya chotenthetsedwa chopanda kanthu, ndipo nonstick sifuna zimenezo: ikapitirira madigiri a Celsius pafupifupi 260 utotowo umayamba kuwonongeka, pomwe induction sichedwa kufika pamenepo ngati pani ndi yopyapyala.

Chimene mukufunika ndi chiwaya cholemera cha cast iron (chitsulo chokhuthala choumba), kapena tawa yachitsulo yokhuthala imene amwenye amaphikira roti, chapati zawo. Popeza mwati muli ku Johannesburg konkuno, pitani ku Fordsburg, mulowe mu Oriental Plaza m'mashopu a ziwiya. Ine zakukhitchini ndimagula kumeneko. Konzekerani pakati pa R250 ndi R450 kutengera kukula, ngakhale mitengo imasintha. Nyamulani kamaginito kaja timamata pa filiji. Kakapanda kugwira mwamphamvu pansi pa chiwaya, chisiyeni, ngakhale wogulitsa anene zotani. Kenako chikhazikeni pa kauntala muchikankhe ndi chala. Chikagwedera, siyani. Ma tawa ambiri ndi olowa pakati chifukwa anapangira gasi, ndipo pa galasi amangokhudza pang'ono pokha. Nenani momveka kuti mukufuna ya pansi pathyathyathya. Musatengenso chachikulu kwambiri. Cha masentimita 24 kapena 26 chikukwanira, ndipo chapati zanu zichepeko kusiyana ndi zija za pa mbaula kuti zikwane pamene pakutentha.

Tsopano moto. Batani la Boost lisiyeni, ndi lowiritsira madzi. Ikani chiwaya chopanda kanthu pa moto wapakati, 5 kapena 6 ngati manambala amafika 9, kapena cha m'ma 1000 mpaka 1200 ngati yanu imaonetsa mawatsi. Chisiyeni mphindi 5 zathunthu. Anthu amafulumira apa, koma mphindi zimenezi ndi zimene zimapatsa mpata kutentha kuyenda kuchoka pakati kufika m'mbali. Wazanipo timadzi, pakati ndi m'mbali momwe. Tikamathamanga timadontho nkutha msanga, chatentha mokwanira. Musatsitse kwambiri poopa kupsereza, chifukwa masitovu ambiri otchipa akakhala pa nambala yotsika amangoyaka nkuzima, kuyaka nkuzima, ndipo chapati sikondwa nazo.

Mukaika chapati, pakangotha theka la mphindi kapena kupitirirako pang'ono muone timatuza pamwamba. Tembenuzani, pakani timafuta ndi supuni, dindani m'mbali ndi kansalu kopinda uku mukuizunguza chapatiyo kuti mbali zonse zidutse pakati potentha. Tembenuzaninso kamodzi, pakani mafuta, chotsani. Zonsezi zisapitirire mphindi 2. Mukaona kuti imodzi ikukutengerani mphindi 4 kapena 5, dziwani kuti yauma kale, kwezani moto. Ndipo muzizunguza chapati, osati chiwaya. Mukachinyamula sitovu imasiya kutenthetsa nthawi yomweyo, ina imazimiratu.

Amene muli pa hotipuleti wamba, nkhani ndi yomweyi, kungoti iyo imachedwa kutentha komanso imachedwa kuzizira. Ipatseni mphindi pafupifupi 10 musanayambe. Ikatentha mopyola, kutsitsa nambala sikuthandiza msanga, ndi bwino kuchotsapo chiwaya kwa kanthawi.

Ndaona ena akuti thirani beking'i paudala, ena yisiti, ena mkaka ndi mazira. Abale, munthu wafunsa za chapati, osati mandasi. Zimenezo sizingapulumutse chapati imene yakhala mphindi 5 pa chiwaya chosatentha bwino. Amene akuti muiike pa kawaya pamwamba pa sitovu kuti ifufume akunena za roti ya amwenye, ija yopanda mafuta imene amaifufumitsa pa lawi la gasi. Pa hotipuleti ya waya wofiira zimatheka, koma pa induction palibe moto woti uifike, mungodikira pachabe. Chapati zathu zamafuta, zokhala ndi timagawo mkati, sizifunanso kufufuma choncho. Za amene ayankha kuti mungogula gasi sindinenapo zambiri, awerengenso funso.

Pa kakandidwe sindichulutsa chifukwa mukudziwa kale. Kungoti kuno mpweya ndi wouma, makamaka nyengo yozizira, ndiye fulawa wokanda azikhala wofewerapo kusiyana ndi mmene munkachitira kumudzi. Ine pa makapu 3 a fulawa ndimathira kapu imodzi ya madzi ofunda ndi pang'ono pamwamba, masupuni 3 a mafuta ophikira, mchere ndi kashuga. Kandani mphindi 10, vindikirani, musiye theka la ola kapena ola lathunthu. Mukasiya posavindikira pamauma khungu pamwamba. Potambasula musawaze fulawa wouma wambiri, ameneyo ndi amene amapserera pa chiwaya nkulimbitsa chapati. Muzipukuta chiwaya ndi kansalu mukachotsa iliyonse. Mukakhala ku Fordsburg komweko mutha kutengako atta, fulawa wa tirigu wosapuntha amene amwenye amagwiritsa ntchito. Amamwa madzi ambiri, ndiye mukamusakaniza ndi woyera muonjezere madzi.

China chimene ambiri amaphonya ndi pochotsa. Musaziyale pa mbale poyera. Yalani nsalu yoyera mu poto, iliyonse ikapsa iponyeni mmenemo pamwamba pa inzake, pindirani nsalu, vindikirani. Nthunzi yake yomweyo ndi imene imamaliza kuzifewetsa. Ngakhale yoyamba ija imene imatuluka yolimbirapo, ikakhala pansi pa zinzake imafewa.

Samalani ndi galasi la eni nyumba. Cast iron ndi yolemera ndipo pansi pake pamakhala pokhakhala, mukaikoka imakanda, ikakupulumukani imaswa, dipoziti yanu nkuthera pomwepo. Muziikhazika pang'onopang'ono, ndipo galasilo muzipukuta musanayambe chifukwa ngakhale mchere wotayikira umakanda. Ngati sitovuyo ndi yonyamula m'manja, ilowe mu soketi ya pakhoma. Zambiri zimakoka mpaka mawatsi 2000, ndipo maekisitenshoni otchipa aja amatentha mpaka kusungunuka, makamaka mukalumikizanso ketulo pomwepo.

Mapoto a aluminiyamu amene munabwera nawo kuchokera kumudzi sagwira pa induction, musavutike kuganiza kuti sitovu yafa. Mukamakagula chiwaya, yesaninso ndi maginito omwewo poto wa nsima, ndipo musankhe wokhuthala pansi. Wopyapyala amapsereza phala musanayambe nkuthira ufa komwe.