Ma K awiri sakonda khamu

Achimwene, mwati pa masewero a makadi a poker munalandira ma K awiri, simunakweze ndalama yobetcha kuti musathamangitse anthu, asanu n'kulowa nanu, kenako wina wa 7 ndi 5 n'kupeza mapeyala awiri n'kukudyerani ndalama zonse. Mukufunsa ngati linali tsoka chabe. Ndikuuzeni mosabisa mawu: masewerowo anawonongeka flop (makadi atatu oyamba oikidwa patebulo kuti onse agwiritse ntchito) isanatsegulidwe, pomwe munangoponya ndalama ya big blind (yochepetsetsa yolowera masewero) n'kukhala phee.

Ma K awiri akakumana ndi munthu mmodzi wa makadi aliwonse amapambana ka 82 pa 100. Otsutsana nanu akakhala asanu, mwayiwo umatsika kufika cha pa 43. Ndiye kuti mwa kufuna kwanu munasandutsa makadi oyenera kupambana kukhala makadi oluza kawirikawiri kuposa kupambana. Munthu wa 7 ndi 5 uja sakanalowa n'komwe mukanamulipiritsa.

Choncho kwezani. Ine ndimaika ma big blind atatu, n'kuwonjezera limodzi pa munthu aliyense amene walowa kale osakweza. Ngati wina wakweza ine ndisanasewere, ndimakwezanso katatu pa zomwe waikazo. Ambiri amaopa kuti onse athawa n'kungotsala ndi tindalama tochepa ta ma blind, tomwe anthu awiri amaponya makadi asanagawidwe. Zimachitika ndithu, ndipo zimawawa chifukwa ma K awiri amabwera kamodzi pa maulendo 221, koma pa matebulo a ndalama zochepa anthu sathawa msanga choncho. Amalowa ndi A-J, ndi ma 9 awiri, ndi K-Q, ndipo amenewo ndi omwe mukuwafuna. Wina akaponya zonse flop isanabwere, ma K musawataye. Pa tebulo lodzaza, mwayi woti wina ali ndi ma A awiri ndi pafupifupi kamodzi pa 25.

Povuta kwenikweni ndi pambuyo pa flop. Pamenepo mtima umakana kuvomereza kuti peyala ndi peyala basi. Mukakhala ndi ma K, A amatuluka pa flop pafupifupi ka 23 pa 100. Ndi ma Q, khadi lalikulu kuposa anu limatuluka ka 41, ndipo ndi ma J ka 57, n'chifukwa chake ma J amasautsa anthu chonchi. K wachitatu woti akupulumutseni amabwera pa flop ka 12 kokha pa 100, musamudalire.

Flop ikakhala youma, monga 9-4-2 a mitundu yosiyana, betchani, ndipo pa turn (khadi lachinayi la patebulo) betchaninso. Amene ali ndi 9 kapena ma 10 awiri akulipirani. A akagwa muli ndi mdani mmodzi, kubetcha pang'ono kapena kudikira zonse zili bwino. Koma akagwa muli atatu kapena anayi, gwirani dzanja, wina ali naye.

Chomwe chinandiphunzitsa ine ndi usiku wina nditagwira ma A awiri. Patebulo panagwa 8-9-10, awiri a mtundu umodzi, ndipo bambo wina amene anakhala ola lathunthu osakweza ngakhale kamodzi anandikwezera pa turn. Ndinadziwa mumtima kuti ndagonja, komabe ndinalipira mpaka river (khadi lomaliza la patebulo) chifukwa ma A aja anandikomera m'maso. Bamboyo anali ndi J ndi Q, omwe pamodzi ndi 8-9-10 aja anapanga makadi asanu otsatizana, oposa peyala yanga. Munthu wofatsa ngati ameneyo akakweza pa turn, peyala imodzi itayeni, kaya ndi ya ma K kaya ndi ya ma A.